Galimoto yakale ikayamba kunjenjemera: mafunso ndi mayankho okhudza masensa a injini

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo ndimagwirira pano pa Kasungu. Galimoto zimene zimafika pakhomo panga zambiri ndi zija zinayenda kale zaka zake ku Japan, kenako n'kutsikira pa Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, kudzayamba moyo wina m'misewu yathu ya fumbi: ma Corolla, ma Sienta, ma Probox, ma Vitz, ma AD van, ma Fit. Eni ake amafunsa mafunso ofanana chaka ndi chaka, ndipo ambiri amafika atagula kale sensa imodzi kapena ziwiri zimene sizinathandize kanthu. Izi zimandiwawa, chifukwa ndalama imeneyo nthawi zina inali ya feteleza kapena ya fizi ya mwana. Ndiye ndasonkhanitsa mafunsowo monga mmene anthu amandifunsira, pamodzi ndi zimene ndimawayankha. Ndikukamba za galimoto za petulo. Za dizilo zili ndi nkhani yakeyake.

Nyali ya check engine yayaka ndili pa msewu. Ndiime pomwepo?

Yang'anani kaye mmene yayakira. Ikangokhala chiyakire, galimoto n'kumakoka bwinobwino, muvi wa kutentha uli pamalo pake, mukhoza kufika kumene mukupita, koma musathe nayo miyezi osaiyezetsa. Ikamathwanima, kuyaka n'kuzima, injini n'kumagwedera, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha mafuta. Petulo wosapsayo amatsikira mu ekisozi n'kukapsera mu catalytic converter, chida choyeretsa utsi chimene chili mu ekisozimo, ndipo kutentha kwake kumaiwononga. Chotsani phazi pamoto, yendani pang'onopang'ono mpaka pamalo oyamba amene mungapeze thandizo. Kuchoka nayo pa Nkhamenya kuti mukaione ku Lilongwe ndi kuwonjezera vuto lina pamwamba pa loyamba.

Nyali yofiira ya oyilo ndi muvi wa kutentha ukakwera kufika pofiira, izo sizidikira garaja. Imani pambali pa msewu ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo.

Kodi masensawa ntchito yake n'chiyani kwenikweni?

Kompyuta ya injini ilibe maso, ilibe makutu. Imadziwa zimene zikuchitika kudzera mwa amithenga, ndipo amithengawo ndiwo masensa. Ntchito yaikulu ya kompyuta ndi kusakaniza mpweya ndi petulo pa muyeso woyenera, pafupifupi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo potengera kulemera, ndi kuyatsa moto pa mapulagi pa nthawi yake.

Kuti itero imafuna kudziwa mpweya umene ukulowa. Pa injini ngati 1NZ-FE ya mu Sienta, Probox ndi Corolla ya NZE121, amene amanena zimenezi ndi MAF, kasensa kokhala pa paipi yochokera ku sefa ya mpweya. Pa injini zakale ngati 5A-FE ya mu Corolla ya AE100 ndi AE110 pamakhala MAP, imene imayeza mphamvu yokoka mpweya mu manifold, mapaipi ogawira mpweya ku masilinda. Pali sensa ya kutentha kwa madzi, imene imauza kompyuta ngati injini ndi yozizira kapena yatentha. Pali TPS, imene imanena mmene mwapondera moto. Sensa ya crank ndi ya cam zimanena pamene mapisitoni afika ndi liwiro limene injini ikuzungulira. Sensa ya knock imamvetsera ngati petulo akuphulika nthawi isanakwane. Ndiye kumapeto, pa ekisozi, pali sensa ya okosijeni, imene imanunkhiza utsi n'kubweza mawu kuti mafuta achuluka kapena achepa.

Mwa onsewa, sensa ya crank ikafa injini nthawi zambiri silira n'komwe. Enawo akafa, kompyuta imangoganizira nambala ina m'malo mwake, galimoto n'kumayenda ndithu, koma mofooka ndiponso ikumwa mafuta.

Makina owerengera kompyuta ya galimoto anena kuti vuto ndi sensa ya okosijeni. Ndagula yatsopano, koma nyali yayakanso. Andinamiza?

Mwina sanakunamizeni, koma anawerenga theka la uthenga. Apa m'pamene ndalama za anthu zimathera, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Makina sanena kuti chitsulo chakuti chafa. Amapereka khodi, ndipo khodiyo imangotchula mbali imene kompyuta yaona zosayenera. Tengani P0171. Tanthauzo lake ndi lakuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya. Amene wanena zimenezi ndi sensa ya okosijeni, inde, koma nthawi zambiri imakhala ikunena zoona. Mpweya ukhoza kukhala ukulowera pa paipi yong'ambika, MAF ikhoza kukhala yakuda ndi fumbi, pampu ya mafuta yafooka, sefa ya mafuta yatsekeka, kapena mainjekita sakupopera bwino. Ngakhale ekisozi yobooka pafupi ndi injini imalowetsa mpweya wakunja n'kusokoneza sensa yabwinobwino. Mukasintha mthenga, watsopanoyo adzabwera ndi uthenga womwewo.

Kunabwera Sienta ina yonyamula anthu pakati pa Santhe ndi pa boma pano. Mwini wake anali atasintha sensa ya okosijeni kawiri. Nditaika makina ndinaona kuti kompyuta ikuwonjezera petulo ndi maperesenti oposa 20 injini ikangolira itaima, koma ndikaponda moto nambalayo imatsika. Injini yabwino siyenera kupitirira 10, kuwonjezera kapena kuchepetsa. Kutsika kotereku ukaponda moto ndi chizindikiro cha mpweya wolowera pambali. Ndinapinda paipi yakuda ija yochokera ku sefa, ndipo pansi pake, m'makwinya, panali mng'alu wotalika ngati chala. Masensa awiri aja anali amoyo onse. Bamboyo anangogwira pakamwa.

Nchifukwa chake ine ndimatsata ndondomeko iyi nthawi zonse: mpweya, moto wa pa mapulagi, mafuta, mawaya, ndipo sensa kumapeto. Ndikafika pa sensa ndimaiyeza kaye. Ya okosijeni yamtundu wakale, injini itatentha ndipo ikuzungulira ka 2,500 pa mphindi, imayenera kumakwera ndi kutsika mofulumira pakati pa 0.1V ndi 0.9V. Ikamayenda mwaulesi kapena kuima malo amodzi ngakhale mutaponda moto mwadzidzidzi, pamenepo tingaikayikire. Ma Toyota ena apambuyo pake ali ndi mtundu wina wotchedwa A/F, umene sukwera n'kutsika chotero. Umakhazikika pafupi ndi 3.3V pa makina, ndipo wosaudziwa amauweruza kuti wafa uli bwino.

Pali khodi imodzi imene kawirikawiri imakhaladi ya sensayo: P0135, yonena za kawaya kotenthetsa m'kati mwake. Koma ngakhale apo, yambani mwaona fyuzi ndi pulagi yolumikizira.

Galimoto yanga ndi yakale kwambiri, makina akukana kuiwerenga. Nditani?

Njira yowerengera imene timaitcha OBD-II inakhala lamulo ku America mu 1996, koma galimoto zogulitsidwa m'dziko la Japan momwemo zinachedwa kuitsatira mokwanira. Nchifukwa chake kachipangizo kotchipa kolumikiza ku foni kamawerenga galimoto ina n'kukana inzake, ngakhale zonse zili ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero. Kukanako sikutanthauza kuti kompyuta yafa. Pamafunika makina odziwa chilankhulo cha kampani imene inapanga galimotoyo.

Ma Toyota akale, ngati AE100, amadzinenera okha popanda makina. Pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Mukakatsegula, kuseri kwa chivindikiro kuli mayina a mabowo. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, tembenuzani kiyi kuti nyali za pa dashibodi ziyake koma osaliza injini, kenako werengani kuthwanima kwa check engine. Ikathwanima kawiri, kupuma pang'ono, n'kuthwanimanso kawiri, imeneyo ndi 22, sensa ya kutentha kwa madzi. 21 ndi ya okosijeni, 24 ya kutentha kwa mpweya, 31 ya MAP kapena choyezera mpweya, 41 ya TPS, 52 ya knock, 12 ya chizindikiro cha kuzungulira kwa injini. 25 ikutanthauza kuti petulo wachepa, 26 kuti wachuluka. Ikamangothwanima mofanana osapumira, palibe khodi imene yasungidwa.

Chonde werengani mayina a mabowo mosamala, pamalo owala. M'kabokosi momwemo muli bowo la moto wochokera ku batire, ndipo kulakwitsa polumikiza kukhoza kuwotcha fyuzi kapena kompyuta imene. Njira imeneyi ndi ya Toyota. Musaiyese pa Nissan kapena Honda.

Ikaima ikulira imanjenjemera mpaka chiwongolero, koma ikayenda imakhala bwino. Ndi sensa iti?

Kawirikawiri si sensa iliyonse. Injini yotentha ikaima imazungulira pakati pa 650 ndi 800 pa mphindi, ndipo panthawiyo imapuma kudzera pa kampata kakang'ono kwambiri mu throttle body, pamene pali chitseko cholowetsa mpweya mukaponda moto. Mwaye wa oyilo ukasakanikirana ndi fumbi umatseka kampatako. Injini imayamba kutsamwa, makamaka mukayatsa nyali zazikulu kapena choziziritsa m'kati. Kutsuka throttle body ndi valavu yake kumachiza galimoto zambiri. Koma ngati yanu ndi ija yopanda chingwe cha moto, yoyendetsedwa ndi kamota, musamakankhe chitseko chake mwamphamvu, ndipo mukatsuka kompyuta imafunika kuphunzitsidwanso. Ma Nissan ndiwo amavuta kwambiri apa: osawaphunzitsa, amalira mokweza ngati wina waponda moto.

Chachiwiri ndi moto wa pa mapulagi. Amakaniko timati injini ikumisa pamene silinda imodzi ikudumphitsa. Khodi P0301 mpaka P0304 imatchula silinda yake. Musathamangire kugula makoyilo anayi, zida zija zopereka moto ku mapulagi. Ngati khodi ndi P0302, chotsani koyilo ya silinda yachiwiri muisinthanitse ndi yachitatu, fufutani khodi, yendani pang'ono. Ikabwera P0303, vuto lasamuka ndi koyilo, ndiye mwaipeza. Ikakhalabe P0302, chitani chimodzimodzi ndi pulagi, kenako ganizirani injekita kapena mphamvu ya silindayo. Mukazula koyilo n'kupeza yanyowa oyilo, gasiketi ya chivindikiro chapamwamba ikudontha, ndipo koyilo yatsopano idzafanso mukapanda kukonza pamenepo. Pa injini za distributor, chida chimodzi chogawira moto ku mapulagi onse, monga 5A-FE, onani chipewa chake, rota ndi zingwe za mapulagi. Usiku mumdima zingwe zotha zimaoneka zikuthetheka.

A Honda Fit yoyamba ija ya GD1 adziwe kuti injini yake ili ndi mapulagi 8 ndi makoyilo 8, anayi kutsogolo, anayi kumbuyo. Ndaonapo zambiri zosinthidwa akutsogolo okha, akumbuyo ali chikhalire kuchokera ku Japan.

Nthawi zina injini ilibe vuto, koma mamauntini, mphira zimene injini imakhalira, zaphwanyika. Ndiponso Vitz kapena Passo ya injini ya 1KR-FE ili ndi masilinda atatu okha, ndipo kunjenjemera pang'ono ikaima ndi chibadwa chake.

Akuti MAF imatsukidwa. N'zoona? Ndi chiyani?

N'zoona, ndipo kuno kwathu imafunikadi. M'kati mwa MAF muli kawaya kopyapyala kamene kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imawerengera kuchuluka kwa mpweya potengera kuzizirako. Fumbi likakuta kawayako, kamanena mpweya wochepa kuposa umene ukulowadi. Galimoto imachita ulesi ponyamuka, imadodoma mukafuna kupitirira lole, ndipo pokwera mtunda imafooka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, galimoto zoyenda misewu ya dothi ya ku Chulu, ku Chamama kapena yolowera ku Lifupa zimameza fumbi losaneneka.

Masulani tizomangira tiwiri, itulutseni, ipopereni mankhwala otsukira MAF kapena otsukira zamagetsi, muisiye iume yokha. Musaikhudze ndi chala, nsalu, burashi kapena kamtengo. Musaiviike mu petulo, musaipope ndi kompuresa. Kawayako kakaduka, palibe kulumikiza. Pa makina, injini ya 1.5 yotentha ikaima imaonetsa magalamu awiri kapena atatu pa sekondi.

Koma funsani kuti fumbilo ladutsa pati. Sefa ya mpweya yotchipa yosakhala bwino m'bokosi mwake, bokosi lothyoka zotsekera n'kumangidwa ndi linya, kapena sefa yopopedwa ndi kompuresa mpaka kubooka, zonsezi zimapatsa fumbi njira. Ndipo fumbi lodutsa pa MAF silithera pomwepo. Limakalowa m'masilinda n'kumadya maring'i.

Mawu amodzi kwa amakaniko anzanga okhudza MAP. Kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kiyi ali ON injini isanalire, MAP imawerenga pakati pa 85 ndi 90 kPa, osati 101 imene mabuku amalemba. Imeneyo si sensa yowonongeka, ndi mpweya wa kwathu.

Ikumwa mafuta kwambiri, ikutulutsa utsi wakuda, m'mawa imavuta kulira. Zikugwirizana?

Zikhoza kugwirizana, ndipo poyambira ndi sensa ya kutentha kwa madzi. Injini yozizira imafuna petulo wochulukirapo, monga mmene galimoto zakale zinkafunira choko. Sensa ikanama kuti injini yatentha pamene ndi yozizira, m'mawa wa mu Juni kapena Julaye mudzaliza mpaka batire kufooka. Ikanama kuti ndi yozizira pamene yatentha, kompyuta imathira petulo wambiri tsiku lonse: utsi wakuda, mapulagi a mwaye, fungo la petulo kumbuyo.

Kuiyeza n'kosavuta. Galimoto itagona usiku wonse, makina aonetse kutentha kwa madzi kofanana ndi kwa mpweya wakunja. Akaonetsa -40, waya waduka kapena pulagi yolumikizira yazuka. Ndi multimeter, choyezera magetsi chija, sensa ya Toyota imakhala pafupifupi ma ohm 2,500 pa madigiri 20, n'kutsika kufika pafupifupi 300 pa madigiri 80. Dziwaninso kuti galimoto zakale zili ndi masensa awiri a kutentha: ya waya mmodzi yoyendetsa muvi wa pa dashibodi, ndi ya mawaya awiri yopita ku kompyuta. Muvi kuyenda bwino si umboni wakuti inayo ili moyo.

Tsopano nkhani imene ndimakangana nayo ndi anthu sabata iliyonse: thermostat, kachitseko kotsekera madzi opita ku ladiyeta mpaka injini itatentha. Pali chikhulupiriro chakuti inapangidwira maiko ozizira, ndiye galimoto ikangofika ku Malawi ichotsedwe. Ine ndimakana. Thermostat ya injini zambiri za Toyota imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82, kuti injini ifike msanga pa kutentha kwake n'kukhazikika pomwepo. Mukaichotsa, poyenda pa M1 m'mawa kapena usiku madzi amakhala ozizira, sensa imanena zoona kuti injini sinatenthe, kompyuta n'kumapitiriza kuthira petulo. Petulo wowonjezerayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda. Mwini wake amabwera kudzadandaula za mafuta, n'kugulitsidwa sensa, pamene chosowa ndi kachitsulo kamene kanatayidwa. Galimoto ikamatentha mopitirira, chifukwa chake chifufuzidwe: ladiyeta yotsekeka ndi dzimbiri la madzi a pa mjigo, fani yosazungulira, chitsekero cha ladiyeta chotha, pampu ya madzi. Thermostat yokakamira isinthidwe ndi ina, osati kusiya malo ake opanda kanthu.

Ndikayenda mtunda imangozima yokha. Ndikadikira mphindi makumi awiri imaliranso. Ndi chiyani?

Apa ndiye sensa ikhoza kukhaladi yolakwa. Ya crank kapena ya cam ikakalamba imaleka kugwira ntchito ikatentha, n'kutsitsimuka ikazizira. Injini za Nissan za QG, monga za mu AD van ndi Sunny, zimadziwika ndi vuto limeneli. Ikazima, lizani mukuyang'ana muvi wa kuzungulira kwa injini. Pa galimoto zambiri umagwedezeka pang'ono sitata ikamazungulira. Ukangoti zii, kompyuta sikulandira uthenga wa crank. Makhodi ake ndi P0335 ndi P0340.

Pampu ya mafuta yotopa, relay yake (swichi yamagetsi yoiyatsira), ndi koyilo ya m'kati mwa distributor zimachitanso chimodzimodzi zikatentha. Ena amati tembenuzani kiyi mumvetsere pampu kumbuyo. Pa Nissan ndi Honda imamvekadi kwa masekondi ochepa, koma ma Toyota ambiri sayendetsa pampu mpaka sitata itazungulira, ndiye kusamveka kwake kusakupusitseni.

Vuto lobwera n'kupita limafuna kuliyeza pamene lilipo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: makaniko ayende nayo galimotoyo mpaka izime ali ndi zida m'manja, aone ngati chasowa ndi moto kapena mafuta.

Vuto linayamba nditathira mafuta a m'chigubu. Awononga masensa?

Mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni tonse timathamangira zigubu, ndipo sindingadzudzule munthu amene ali ndi wodwala kapena mabelo a fodya oti afike ku Chinkhoma. Koma chigubu sichinena mbiri yake. Mukhoza kukhala madzi, mchenga, zotsalira za dizilo kapena mafuta ophikira, mwinanso palafini wothiridwa dala.

Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga mu 1982. Ethanol amakoka madzi. Madzi ochepa amasungunukiramo osavuta, koma akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Injini imatsamwa, imaphulika mu ekisozi, makina n'kuonetsa P0300 kapena P0171. Palafini amachititsa injini kulira ngati timiyala tikugundana mukaponda moto pamtunda, ndipo sensa ya knock ikamva zimenezo kompyuta imachedwetsa moto, mphamvu n'kutsika. Masensa onsewa akugwira ntchito yawo. Cholakwika chili mu thanki.

Tapani mafuta pang'ono kuchokera pa paipi yopita ku injini, muthire m'botolo loyera, mulisiye likhazikike. Madzi amaoneka pansi, atapanga mzere. Chitani izi panja, kutali ndi mbaula ndi osuta. Mafuta akakhala oipa, akhuthulidwe onse, thanki itsukidwe, sefa isinthidwe. Pothira a m'chigubu, sefani ndi nsalu yoyera, ndipo a pansi penipeni asiyeni. Chizolowezi choyenda nyali ya mafuta ili chiyakire nachonso chimapha mapampu, chifukwa pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo.

Makina atulutsa makhodi asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Masensa onsewo afera limodzi?

Ayi. Masensa ambiri akadandaula pamodzi, funani chimene amagawana. Angapo amalandira 5V kuchokera ku kompyuta pa waya mmodzi, ndipo amabwezera pa earth imodzi. Waya ameneyo akakhudza chitsulo, kapena earth ya pa injini ikachita dzimbiri, onse amasokonezeka. Batire labwino lopuma limaonetsa 12.6V, ndipo injini ikulira payenera kukhala pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Mitu ya batire yogwedera, yokhomeredwa msomali kuti igwire, imabweretsa makhodi osamveka mutu wake.

Makoswe musawaiwale. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga ndi mtedza imakhala nyumba yawo yofunda, ndipo amatafuna mawaya pansi pa manifold pomwe diso silifika. Nthawi ya dzinja, madzi a m'zithaphwi ndi matope amalowa m'mapulagi olumikizira n'kusiya dzimbiri lobiriwira. Kutsuka injini ndi madzi a mphamvu kumadzaza maenje a makoyilo, galimoto n'kutuluka kotsukira ikumisa.

Ndikachotsa batire nyali imazima. Si ndiye kuti vuto latha?

Mwangofufuta zimene kompyuta inasunga. Vuto likadalipo nyali ibweranso pakapita maulendo angapo. Choipa n'chakuti mwataya khodi, pamodzi ndi chithunzi chimene kompyuta inasunga cha liwiro, kutentha ndi kuzungulira kwa injini panthawi imene vuto linachitika. Lembani kaye khodi, kufufuta pambuyo. Ndipo pogula galimoto, tembenuzani kiyi muone ngati check engine ikuyaka pamodzi ndi zinzake injini isanalire. Ikapanda kuyaka, babu linachotsedwa kapena linaphimbidwa.

Anandichotsera catalytic converter. Zili ndi vuto?

Ikasungunuka n'kutsekeka, injini imabanika: imalira bwino itaima, koma pamtunda imakana. Anthu amaiboola kapena kuichotsa chifukwa yatsopano ndi yodula. Galimoto imayenda ndithu, koma utsi wake umakhala wa poizoni wochuluka kwa ana ndi a kabaza amene ali kumbuyo kwanu, ndipo ngati pali sensa yachiwiri kuseri kwake, khodi P0420 sidzachoka ngakhale mutasintha sensayo kangati. Nyali yoyaka masiku onse imakubisirani vuto latsopano likabwera. Chimene chinaipha, kumisa kapena kudya oyilo, chikonzedwe, apo ayi chidzaphanso sensa ya okosijeni.

Sensa yayezedwa, yafadi. Ndigule yatsopano kapena ya m'galimoto yophwasulidwa?

Tengani nambala yolembedwa pa sensa yakaleyo, osati dzina la galimoto lokha. Ma MAF awiri akhoza kufanana maonekedwe ngakhalenso pulagi yolumikizira, koma owerengera mosiyana, ndipo yolakwika imalowa bwinobwino n'kumanamiza kompyuta mwakachetechete. Pa Toyota zambiri zoyambirira ndi za Denso, pa Nissan zambiri ndi za Hitachi, ndipo NTK ndi Bosch amapanganso za okosijeni zodalirika. Tsoka lake, mayina omwewa amasindikizidwanso pa mabokosi a zinthu zachinyengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa ena onse, kayikirani.

Maganizo anga ndi awa. MAF, MAP, TPS ndi makoyilo oyambirira ochotsedwa m'galimoto yophwasulidwa nthawi zambiri amaposa atsopano achinyengo, bola mugwirizane ndi wogulitsa kuti mukayesa n'kukanika mubweza. Sensa ya okosijeni imatha ndi zaka ngati pulagi, ndiye yakale ikhoza kukhala yotopa kale. Ya kutentha kwa madzi ndi ya crank gulani zatsopano zenizeni. Kaya mukagula ku Lilongwe, kaya muli ku Mchinji mwaolokera ku Chipata, nyamulani yakaleyo m'thumba mukafananize. Ndipo ikasinthidwa, yakaleyo musaitaye mpaka mutayenda sabata vuto osabwerera.

Ndikamapita kwa makaniko ndimuuze chiyani kuti asangoyerekeza?

Muuzeni nthawi imene vuto limabwera: m'mawa injini yozizira kapena itatentha, itaima kapena pamtunda, mvula itagwa kapena tsiku lililonse, thanki itadzaza kapena itatsala pang'ono. Muuzeni chimene chinachitika lisanayambe, ngakhale chikuoneka chaching'ono: munathira mafuta kuti, anatsuka injini, anasintha batire, anawotcherera ekisozi, munawoloka madzi. Muuzeninso zonse zimene ena anasintha kale, musachite manyazi.

Akaika makina, pemphani nambala ya khodi muilembe kapena muijambule pa foni. Funsani kuti, "Amisiri, mwaiyeza bwanji sensayi kuti mudziwe kuti yafa?" Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli. Adzakuonetsani nambala pa makina kapena pa multimeter, kapena adzabwereka ina yabwino n'kuyesera musanatulutse ndalama. Akamaliza, yendani naye limodzi pa msewu umene galimoto imavutira, injini itatentha, kenako aikenso makina muone ngati khodi yabwerera musanalipire.